Khutu Lomwe Linadya Munda Wathu

Kabotolo kake kanali kofiirira, zilembo zake zitafufutika, ndipo mafuta a m'katimo ankanunkha ngati adyo wosakaniza ndi palafini. Amayi ankagona chammbali pamkeka, ine ndikuviika nthenga ya nkhuku n'kumadontheza m'khutu mwawo. Ankakukuta mano, misozi ikutsika yokha. Kabotoloko anabwera nako ndi bambo aang'ono, mng'ono wa malemu bambo anga, kuchokera kuboda ya Songwe, ndipo kanatidyera mbuzi yathu yaikazi ili ndi bere.

Zonse zinayamba ndi malungo, ine ndili Sitandade 4. Amayi anagonekedwa m'chipatala, anawaika dilipi ya kwinini, malungo anatha koma anawasiyira phokoso m'makutu. Ankati muli nyenje zolira osapuma. Atabwerera kuchipatala, adokotala anawaunika ndi katochi n'kunena kuti mankhwala ake palibe, mwina phokosolo lidzachepa lokha, mwina adzangolizolowera. Lero ndikudziwa kuti munthu uja ananena zoona. Koma zoona zaulere amazikhulupirira ndani?

Bambo aang'ono anakana kwamtuwagalu. "Mlamu, matenda opanda mankhwala kulibe, alipo ndi anthu ouma manja." Ankakonda kuyankhula zimenezi pagulu, potuluka m'tchalitchi, kuti aliyense aone mmene akusamalira mkazi wa mkulu wawo. Kabotolo katalephera anawatengera kwa mneneri wina ku Uraha, kenako kwa sing'anga yemwe anawatema mphini kuseri kwa makutu. Ulendo uliwonse unkachotsa kanthu pakhomo: nkhuku, thumba la mpunga, mpaka njinga ya malemu. Woperekeza ankabwerako atameta bwino, milomo ikung'anima mafuta a chipisi. Wodwala ankabwerako ndi nyenje zake.

Chinatsala ndi puloti yathu ya mpunga kusikimu ya ulimi wamthirira ya Hara. Inali pafupi penipeni ndi geti la madzi, pomwe madzi a m'ngalande yaikulu amagwera mu yaing'ono ndi mkokomo wosalekeza. Anthu ena sankapakonda chifukwa kuyankhulana kwake kunali kokuwa. Koma kwa amayi mkokomowo ndiye unali mankhwala awo. Inali nyengo yowokera mpunga wachilimwe, dzuwa la ku Karonga likuwotcha pamsana, matope akuzizira m'miyendo. Kunyumba amayi anali munthu wa nkhope yomanga, supuni ikangogwa pansi ankagwira mutu n'kundikalipira. Koma akafika pageti paja nkhope inkamasuka. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka, ankandiseka kuti mizere yanga ikukhota ngati njira ya woledzera. Tsiku lina anandiuza kuti, "Pano nyenje zimagonja, mwanangu. Madzi amaziposa mawu."

Tsoka lake anauzanso bambo aang'ono, poganiza kuti akuwauza nkhani yabwino. Iwo anathamanga nayo kwa sing'anga uja, n'kubwerako itatembenuka. Akuti madziwo akuwaitana, akuti m'pulotimo munakwiriridwa chinthu, akapitiriza kulimamo tsiku lina tidzawavuula m'ngalande. Choncho puloti igulitsidwe, ndalama zake apitire ku Mbeya kwa dokotala wamkulu wokhala ndi makina oonera m'kati mwa mutu. Wogula anali atapezeka kale, mnzawo wa golosale ku Chilumba. Taonani liwiro lake!

Munthu mmodzi yekha ndiye anatsutsa: aphunzitsi anga, mayi wa ku Ntcheu yemwe ankagula mpunga kwathu. Anabwera masana, choko chikadali m'manja, n'kuuza amayi pamaso pa bambo aang'ono kuti khutu likulira inde, koma mimba ya mwana idzalira kuposa pamenepo. Bambo aang'ono anaseka kaye, kenako anawayankha m'Chichewa chawo chokokakoka chija: "Aphunzitsi, kwanu uko munda ngwa mkazi. Kuno tinapereka ng'ombe." Aphunzitsi anayang'ana amayi kudikira kuti anenepo kanthu. Amayi anangoti zyoli, akusosola ulusi wa chitenje. Ine ndinali pakhonde, mtima ukuwira, ndikufuna kuwagwedeza kuti atsegule pakamwa.

Puloti inagulitsidwa, ndipo ku Mbeya anapitadi. Dokotala wamkuluyo anawaveka zomvera m'makutu, anawayeza, n'kunena zomwe adokotala akwathu ananena kwaulere. Amayi anabwerako ndi timapilisi tothandiza kugona basi. Mvula isanagwe, nyumba ya bambo aang'ono inali itafoleredwa malata atsopano, owala moti ukamadutsa masana umatsinzina. Palibe anafunsa. Akulu a mpingo anawayamikira kuti anayesetsa, ena amataya akazi a abale awo. Mpaka lero ndikamva munthu akuti "tinayesetsa" ndimakumbukira malata aja.

Chomwe chinandipweteka koposa chinabwera pambuyo pake. Amayi anayamba kulawirira kupuloti komweko, kukachita ganyu yozulira udzu kwa wa golosale uja. Nthawi zina ankawalipira, nthawi zina ayi, iwo osadandaula, bola awalole kugwira ntchito kumbali ya geti. Anzanga a kusukulu ankawaona ndipo ankandifunsa ngati amayi anga mutu ukuyenda bwino. Tsiku lina ndinawatsatira, ndinaima pamzere wa malire n'kukuwa kuti madzi asandiphimbe mawu. Ndinawafunsa chifukwa chomwe anangokhalira chete pomwe ankatilanda munda, chonsecho ankadziwa kuti ku Mbeya kulibe mankhwala. Anaweramuka, matope akudontha m'zigongono. Anangoti, "Pita ukaphike, ndikubwera."

Ndinapita ndikulira ndi ukali, ndikuwatcha wamantha mumtima mwanga. Ndinali wamng'ono. Sindinkadziwa kuti kwathu mkazi wamasiye akakangana ndi abale a mwamuna amamanga katundu n'kubwerera kwa makolo ake, ndipo amapita yekha, chifukwa ana ndi a kumene kunachokera ng'ombe. Amayi anali ndi munda ndi ine, ndipo anawalola kusunga chimodzi.