Wailesi ya Apongozi Itabalalika

Anthu amawatchula kuti a Tiona, chifukwa chilichonse chimene mungawapititsire, kaya foni yogwera m'madzi kaya ayironi yopsa, amachitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Tiona." Shopu yawo ndi kachipinda konunkha waya wopserera, ndipo muli mashelefu awiri. Yapamwamba ndi ya zodikira kukonzedwa. Yapansi ndi ya zimene eni ake anazitaya, ndipo m'pamene a Tiona amazula zipangizo zokonzera zina. Sataya kanthu, ngakhale kasikuluu.

Dongosolo limeneli akazi awo sankalidziwa. Tsiku lina anabwera ndi wailesi ya mayi awo, yongoduka kawaya, n'kupeza amuna awo atachokapo. Pamwamba panali podzaza. Anaisiya pa shelefu yapansi.

Pamene apongozi ankabwera kudzaitenga, sipika inali ikuimba kale kwa wometa tsitsi, chingwe chili pa ayironi ya telala, mlongoti uli kwa mlonda. Chinatsala chibokosi chokha.

"Wailesi yanga yachira?" anafunsa apongozi.

A Tiona anavula chipewa. Ulemu wonse umene anaumanga kwa mayiwa chikwatirireni unali m'chibokosimo.

"Ili moyo, mayi. Kungoti yabalalika."

"Yabalalikira kuti?"

"Mawu ali kwa wometa."

Apongozi sanakalipe. Anangofunsa njira.

Kuyambira tsikulo, masana aliwonse ankakhala pa benchi ya wometa, chikwama pamiyendo, akumvera pulogalamu yawo ya zaumoyo. Wometa akati asinthe aike nyimbo, iwo ankati, "Mwanawe, pakamwa pakulankhulapo ndi panga." Odikira kumetedwa ankafunsidwa kuti ndi ana a ndani, nanga sanakwatire bwanji mpaka lero. Benchi inayamba kukhala ndi malo.

A Tiona anayesa kuwapatsa wailesi ina, yokongola kuposa yawo.

"Imeneyo sindikuidziwa, bambo," anayankha apongozi.

Posakhalitsa wometa anatulukira kushopu, sipika ili m'manja, mawaya ali lendelende.

"Akulu, tengani katundu wanu. Ine ndizimeta mwakachetechete."

Telala atamva kuti mayi aja ayamba kufunsa za chingwe, anabwera nacho yekha ayironi isanazizire. Mlonda anatumiza mlongoti kudzera mwa mnzake.

Apongozi anakhala pampando wa makasitomala mpaka a Tiona atamanga sikuluu yomaliza. Anayatsa wailesi yawo, anamvetsera pang'ono mutu uli chopendekera, n'kuizimitsa.

"Kwa wometa imamveka bwino," anatero, n'kuikwapatira m'khwapa.