Chaka cha Nyenje, Kuseri kwa Khoma

Kabelu kamkuwa, kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo, n'kamene ndimayamba kukumbukira. Kankakhala pa shelefu m'nyumba ya mayi wachimwenye amene tinkagundana naye khoma ku Gaithersburg ku America, mumdadada wa nyumba zosanja za njerwa zofiira. Ine ndinkangowaitana kuti Anti. Pambali pa kabeluko panali chithunzi cha mwana wa khungu lamtambo, dzanja lili mumphika wa batala, pakamwa pali noninoni.

"Uyu ndi Krishna, mulungu wathu ali mwana," anandiuza tsiku loyamba. "Wakuba wotheratu. Koma palibe amene ankatha kumukwiyira mpaka dzuwa kulowa."

Chinali chaka chimene nyenje zinatuluka pansi n'kudzaza mitengo yonse. Zinkalira kuyambira m'mawa, kulira kolowa m'mano, ndipo ukamayenda makoko ake ankaphwanyika kuphazi. Azungu ankazithawa atafunda manyuzipepala. Amalume anga, amene ankakhala ku Springfield, ankazitola m'thumba la pulasitiki n'kukazikazinga ndi mchere, akuseka kuti dziko lino ndiwo zimagwera anthu osadya.

Abambo anali atapita kwathu ku Malawi kukaika maliro a agogo. Ananena kuti sakachedwa. Sukulu inatsekera asanabwere, kutentha kunafika asanabwere. Amayi ankagwira ntchito ya unesi ku Bethesda, ndipo akaweruka sankatha kukhala pansi. Ankapukuta tebulo lopukuta kale. Ankanyamula telefoni n'kuiika kukhutu, kungofuna kumva ngati ikugwira ntchito, kenako n'kuibwezera msangamsanga kuopa kuti wina angaimbe nthawi yomweyo. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Ndege zikuvuta."

Motero masana ndinkakhala kwa Anti. Nyumba yawo inkanunkhira lubani ndi anyezi wokazinga. Nawonso sanali munthu wokhazikika. Nthano ankandiuza akusenda, akusita, akutsegula ndi kutseka makabati. Anandiuza za Krishna akumasula ana a ng'ombe kuti akayamwe mkaka wonse, za Krishna akugawira anyani batala wa eni ake. Anandiuza za tsiku limene anadya dothi, mayi ake n'kumukakamiza kuti ayasamule, ndipo m'kamwamo anaonamo nyenyezi, mapiri, nyanja ndi iwo eni ataima akusuzumira. Madzulo ake ndinakatapa dothi pansi pa mtengo wa pamalo oimika galimoto, n'kukayasamula pamaso pa amayi. Iwo sanaonemo nyenyezi. Anandikokera kusinki n'kunditsuka m'kamwa ndi madzi amchere, mwaukali kuposa mmene mlanduwo unkayenerera.

Loweruka lina amalume anandipeza ndili ndi kadontho kofiira pamphumi, ndikutafuna kachakudya kotsekemera kamene Anti anali atayamba akaika patsogolo pa chithunzi chija. Amalume anali mkulu wa mpingo. Anandipukuta pamphumi ndi chala chonyowa ndi malovu, mwamphamvu, mpaka khungu linawawa.

"Mlongo, nthawi ngati ino mwana azidya zoperekedwa kwa mafano? Tikupempha chiyani kwa Mulungu ife?"

Kwa zaka zambiri ndinkawaona ngati munthu wouma mtima. Lero ndikuganiza kuti anali ndi mantha, ndipo mphumi yanga ndi chinthu chokhacho chimene akanatha kuchiyeretsa.

Kuyambira pamenepo ndinkatsala ndekha m'nyumba, chitseko chokhoma, ndi lamulo loti telefoni ikalira ndiyankhe m'Chichewa. Ndinkazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Kuchokera kukhitchini kupita pawindo, kuchokera pawindo kupita kuchipinda cha makolo kukanunkhiza jekete la abambo. Kupyola khoma ndinkamva kabelu kaja, ngili ngili, ndipo mtima unkandiwawa ngati anzanga akusewera popanda ine.

Makonde athu anali oyandikana, olekanitsidwa ndi thabwa lalitali lokhala ndi mpata wopyapyala m'mbali. Tsiku lina ndinaona diso la Anti pampatapo. Sanandiitane kuti ndipite kwawo. Anakoka mpando, nakhala mbali yawo akusankha mphodza, ine mbali yanga, nyenje zikutigwera pamiyendo.

Ndi pamenepo pamene anandiuza za kachisi wa kwawo, kufupi ndi nyanja yamchere. Kunali munthu wina wosauka, woimba nyimbo, amene ankamukonda Krishna kuposa chakudya. Ansembe anamukaniza kulowa chifukwa cha mtundu umene anabadwira. Iye sanakangane nawo. Anazungulira kuseri kwa kachisi, kumene kunalibe khomo, naima pamenepo akuimbira khoma lamiyala. Mvula inkamupeza pomwepo, dzuwa pomwepo. Tsiku lina nthaka inagwedezeka, khoma linang'ambika, ndipo Krishna wa m'kachisimo, amene ankayang'ana kum'mawa, anatembenuka n'kuyang'ana kumadzulo kumene kunali munthu uja.

"Mpaka lero sanabwerere," anatero Anti. "Pamng'alupo anaikapo kawindo. Olemera ndi osauka, onse amasuzumira pomwepo. Ine anandinyamula bambo anga kuti ndione."

Nkhaniyo inandiyabwa tsiku lonse. Amayi atafika ndinalephera kuisunga, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikudziulula. Ndinaifotokoza mothamanga, Chichewa ndi Chingerezi zikupondana. Ndinkadikira kukalipiridwa. Koma amayi, amene anali ataima ndi nsapato imodzi m'manja, anakhala pansi. Kanali koyamba kuwaona atakhala mwakachetechete chilimwe chonsecho.

"Ndiye munthuyo anaima nthawi yaitali bwanji kuseriko?"

Sindinkadziwa. Ndinathamangira pakhonde, n'kugogoda thabwa, n'kufunsa.  Anti anandiuza kuti ndiitane amayi. Amayi anatuluka, naima pafupi ndi mpata uja, akazi awiri osaonana nkhope bwinobwino.

"Nthano sinena, mchemwali wanga," anatero Anti. "Imangoti tsiku lina."

Amayi anaseka kaphwete kouma, kenako anagwira pakamwa. Ndinaona zala za Anti zikutulukira pampata paja, zachikasu chifukwa cha zokometsera ndiwo, ndipo amayi anazigwira. Anakhala choncho mpaka mphodza za Anti zinayamba kununkha kupserera.

Ine ndinakhumudwa. Ndinkaona kuti amayi afunsa funso lopanda pake, asiya pokoma penipeni pa nkhani, pamene khoma likung'ambika. Ndinalowa m'nyumba ndikunyinyirika kuti akuluakulu sadziwa kumvera nthano.

Nyenje zinafa, anazisesa m'misewu. Sukulu inatsegulira. Abambo anabwera ndili kale m'kalasi lina, ataonda, mano awiri palibe, ndipo ankadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Panapita zaka ndisanauzidwe kuti kumaliro kuja sanafikeko n'komwe. Apolisi anawatenga atangotsika ndege, chifukwa cha mawu amene wina anati anawamva akulankhula kuno, ndipo anawatsekera popanda mlandu. Amalume ankadziwa. Anti ankadziwa, amayi anali atawauza pamakwerero. M'nyumba monsemo ndi ine ndekha amene ndinkakhulupirira za ndege, ndipo madzulo aja pakhonde ndinkaganizadi kuti amayi akufunsa za munthu wa ku India.