Chikwangwani cha pa sikelo ya mtedza

Amuna anga ankalemba zikwangwani pa Nsaru. Zilembo zawo munthu ankazizindikira ali patali: zonenepa, zamakedzana, za michira yopotana ngati nsonga za dzungu. Anazionera m'buku lakale la nyimbo la kumishoni, n'kuzidula pamakatoni kuti ntchito izifulumira.

Tsiku lina la msika, nyengo yogulitsa mtedza, ndikuchapa pakhomo, ndinamva phokoso likubwera cha kumsewu. Patsogolo panali bambo wina wogula mbewu, anyamata ake awiri pambali, chigulu cha anthu pambuyo. M'manja ananyamula thabwa limene analipeza litakhomedwa pashedi yake. Linalembedwa ndi penti yofiira kuti SIKELO YA PANO NJAKUBA, ndipo chilembo chilichonse chinali ndi mchira wake.

Amuna anga anatuluka bulashi ili m'manja.

"Kodi zilembozi n'zayani?" anafunsa wogula mbewu uja.

"Zilembozo n'zanga, koma sindinalembe ndine."

"Nanga walemba ndani?"

Sabata yapitayo mlongo wanga anabwereka makatoni aja, ati alembere nsalu ya kwaya. Ndipo ndinakumbukira mmene anabwerera kogulitsa mtedza wake, akutukwana njira yonse. Nditakweza maso ndinamuona ataima kumbuyo kwa gululo, chipewa chitaphimba nkhope.

"Makatoni anga amabwerekedwa," anatero amuna anga.

"Tchulani dzina."

"Sinditchula munthu pagulu, bambo."

Mnyamata mmodzi anamenya theche chitini cha penti, pentiyo n'kumwazikira pa zovala zimene ndinachapa. Winayo anawagwira amuna anga pakolala. Mwana wathu anayamba kulira kumsana kwanga. Dzina linafika pakamwa panga penipeni. Amuna anga anandiyang'ana kamodzi kokha, ine n'kulimeza dzinalo.

"Tiyeni kupolisi," anatero wogula mbewu.

Apo mayi wina wachitenje chamaluwa, amene sindimawadziwa n'komwe, anakuwa kuchokera pakati pa anthu: "Inde tiyeni, koma musaiwale kunyamula sikeloyo, eti? Apolisi akaione nawo."

Wina anavomereza, winanso, mpaka gulu lonse linali kunena za sikelo. Wogula mbewu anayang'ana uku ndi uku, n'kuponya thabwalo pansi.

"Pano simudzalembanso," anatero, nauza anyamata ake kuti azipita.

Sananame. Amagolosale ambiri anali anzake, ndipo chaka chimenecho palibe anatiitana. Amuna anga ankapalasa njinga mpaka ku Kabudula kukafuna ntchito, zitini zitamangidwa pakaliyala, n'kumabwera miyendo itatupa.

Mlongo wanga anazemba mwezi wathunthu. Atabwera, anabwera ndi nkhuku yathadzi kukhwapa, n'kukhala pakhonde osayang'ana munthu.

"Alamu, ndinalakwa."

"Zinatha zimenezo," anayankha amuna anga. "Makatoni anga ali kuti?"

"Ndinawatentha. Ndinkaopa."

Amuna anga analandira nkhukuyo ndi manja awiri, n'kundipatsa kuti ndiphe.

Ine ndinakana. Ndinaimasula miyendo n'kuitaya pabwalo, ndipo mlongo wanga anabwerera kwawo osadya kanthu pakhomo panga. Tinadzayambanso kulankhulana mvula itagwa, pa maliro a azakhali athu ku Mpingu, pamene anandipempha madzi osamba m'manja.