Nditawakaniza Adadi Foni Yawo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anandilemba ntchito yosunga foni yawo. Tinkakhala kwa Malemia, m'nyumba ya aphunzitsi ya malata adzimbiri, kuseri kwa sukulu ya pulayimale kumene iwo ankaphunzitsa. Nthawi imeneyo ankachitanso maphunziro a digiri, aja opita ku koleji pa holide pokha, masiku enawo n'kumawerenga ndi kulemba uli kunyumba. Chaka chapitacho anali atalakwa phunziro limodzi, ndipo anawauza kuti akalakwanso awachotsa.

Sanali munthu waulesi. Loweruka lililonse ankadzuka m'mamawa, kupukuta tebulo, kuyala mabuku, n'kukhala pansi ndi kapu ya tiyi. Koma foni inkakhala pomwepo, pambali pa kapuyo. Anali m'magulupu ambiri: la kwaya ya kutchalitchi, kumene anali mlembi, la aphunzitsi anzawo, la achibale, la anzawo akale a ku sekondale ku Malosa, ndi lina la zampira limene silinkagona. Foni ikati ting'i, dzanja linkanyamuka lokha. Ine ndikamasesa pabalaza ndinkaona kuti tiyi wazizira, dzuwa lafika pakhonde, koma tsamba la buku likadali lomwe lija.

Loweruka lina mayi atapita kale kukagulitsa tomato ku Naisi, adadi anandiitana. Umu ndi mmene tinkawatchulira kwathu.

"Tadala, tenga foniyi upite nayo kumtsinje. Ubwere nayo dzuwa likafika pamutu. Wina akaimba, thamanga udzandiuze. Koma mameseji asiye."

"Nanga mukaifuna?"

"Ndikaifuna usandipatse. Ngakhale ndikalipe, usandipatse. Wamva?"

Ndinavomera chifukwa mwana sakana, koma mumtima ndinaona ngati akucheza. Ndinaika foniyo m'pepala la shuga kuti isanyowe, n'kuimangirira pakona pa chitenje, kenako ndinasenza beseni la zovala kutsikira kumtsinje wa Domasi.

Foniyo inali yokhoma, moti sindikanatha kuseweretsa. Ndinkangoona mizere yoyamba ya uthenga ukamalowa. Ndikamachapa, inkanjenjemera m'chiuno ngati kachilombo kolowa m'zovala, ndipo nthawi zonse ndinkapukuta manja n'kusuzumira. Tsiku loyambalo ndinathamangira kunyumba kangapo, thovu la sopo lili m'mikono. Koyamba unali uthenga umene unayamba ndi mawu akuti "Zachangu." Adadi anatsegula, n'kupeza kuti munthu akufunsa ngati wina ali ndi nambala ya wokonza njinga. Kachiwiri inali nkhani ya mtundu wa nsalu ya yunifolomu ya kwaya. Nditabweranso, sanatambasule n'komwe dzanja.

"Pali amene wamwalira?"

"Ayi."

"Pali amene ali kuchipatala?"

"Sindikudziwa, koma alemba kuti aliyense ayankhe msanga."

"Wofuna ine aimba, kapena abwera pano. Bwerera."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuthamanga. Masabata anadutsa. Ndikabwera masana ndinkapeza mapepala olembedwa mbali zonse, ndipo adadi ankakhala otopa mwa mtundu wina, kutopa kwa munthu amene wachoka kumunda. Ankalandira foni, kukhala pakhonde, n'kuyankha zonse nthawi imodzi. Zambiri zinkakhala zitatha kale zokha. Wofuna nambala anali ataipeza, okangana anali atatopa.

Koma si onse amene anakondwa. A Namakhwa, amene anali wapampando wa kwaya, anazolowera kuti akalemba chinthu mlembi amayankha nthawi yomweyo. Tsopano ankadikira mpaka masana, ndipo anayamba kudandaula. Ine ndinkaziona m'mizere yoyamba ija: "Kodi alembi athu ali moyo?" Ena ankaika tinkhope toseka.

Tsiku limene ndikulikumbukira kwambiri linali la mwezi wotentha, madzi atachepa, miyala ya mumtsinje ikutentha kumapazi. Sabata yotsatira adadi ankayenera kukapereka ntchito yawo yaikulu ku koleji. M'mawa umenewo foni sinapume. Ndinaona dzina la adadi likubwerabwera, ndipo ndinadziwa kuti akunenedwa. Ndinapitiriza kuchapa.

Kenako ndinawaona akutsika kanjira ka m'nthochi, atavala masilipasi, cholembera chili kukhutu. Ndinamva pambuyo pake kuti mphunzitsi mnzawo podutsa pakhomo anawauza kuti, "Achimwene, mwaona zimene akukunenani pagulupu?" Pamtsinje panali amayi angapo akuchapa. Anawapatsa moni mwachidule, n'kuima pamwala pafupi nane.

"Tadala, bweretsa foni."

Ndinaimirira, kenako ndinanjuta. Dzanja langa linali litagwira kale mfundo ya chitenje. Sindinali nditawakanapo chilichonse chibadwire.

"Adadi, munanena kuti ndisakupatseni."

"Ndikudziwa zimene ndinanena. Izi ndi zina. Bweretsa."

"Munati ngakhale mukalipe."

Kumenya zovala pamiyala kunasiya. Mayi wina wachikulire anati, "Iwe mwana, ukuwakaniza bambo ako chinthu chawo?" Ndinayang'ana pansi. Ndinkamva madzi akudutsa m'zala za kumapazi, ndipo foni inanjenjemeranso m'chiuno, mokweza moti adadi nawonso anaimva. Ndinkadikira khofi. Akanatha kungomasula mfundoyo okha, ine sindikanalimbana nawo.

Nditakweza maso ndinaona kuti sakuyang'ana ine, akuyang'ana dzanja lawo lomwe, limene linali likadali lotambasula.

"Alipo waimba?" anafunsa.

"Palibe."

Anabweza dzanjalo, kuliika m'thumba, n'kutembenuka. Ndinawaona akukwera kanjira kaja pang'onopang'ono mpaka nthochi zinawabisa. Amayi aja anayambanso kuchapa, akunong'onezana. Ine ndinatsiriza kuchapa zovala.

Masana ndinawapeza adadi akulemba. Ndinaika foni patebulo, iwo anamaliza kaye ndime imene anali nayo. Atatsegula anawerenga kwa kanthawi, nkhope yosasintha. Kwaya inali itagwirizana m'mawa womwewo kuti isankhe mlembi wina, woti azipezeka. Ena analemba kuti sukulu yawalowa m'mutu aphunzitsi. Akanayankha nthawi ija anatsikira kumtsinje, mwina akanawapepesa a Namakhwa n'kusunga udindowo, chifukwa pakamwa anali napo. Anali mlembi kwa zaka zambiri, ndipo ankaukonda udindo umenewo.

Analemba mawu ochepa othokoza ndi kufunira zabwino mlembi watsopano. Kenako anandiyang'ana.

"Wadya?"

"Ayi."

"Pita ukadye. Loweruka likubwerali uitengenso."

Za kumtsinje sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Sanandiyamikire, sanandidzudzule. Mayi atamva nkhaniyo kwa amayi a kumtsinje, anangoti, "Nkhani za iwe ndi bambo ako ine sindilowerera."

Ntchito ija anakapereka pa nthawi yake, ndipo anakhoza. Digiri anaitenga. Ulembi sunabwerere. Anapitiriza kuimba besi kumzere wakumbuyo, ndipo ndi a Namakhwa ankapatsana moni waulemu koma wouma kwa nthawi yaitali. Mpaka lero alipo anthu kwathu amene amati bambo anga anayamba kudzimva atapita ku koleji.

Panopa ndimagwira ntchito mu ofesi ku Zomba, ndipo tsiku lonse ndimakhala pakompyuta imene ili ndi intaneti. Ndimaona anzanga akulumbira m'mawa kuti lero sagwira foni, pofika nthawi ya tiyi ali nayo m'manja. Nanenso zimandichitikira. Ndili mwana ndinkaganiza kuti adadi anandipatsa foni ija chifukwa anali munthu wolimba mtima. Tsopano ndikuona kuti anandipatsa chifukwa ankadziwa kuti si olimba. Anadziwiratu kuti idzafika nthawi imene adzapeze chifukwa chomveka bwino chophwanyira lamulo lawo, ndiye anaika pakati pa iwo ndi foniyo mtunda woyenda wapansi ndi mwana woti amuchitire manyazi.

Chinanso ndinachimvetsa mochedwa. Anthu amakonda kunena ngati kuti ukatseka foni sutaya kanthu, zonse zimakudikira. Si zoona. Zina sizidikira, ndipo anthu ena amakhumudwa nawe osadzakukhululukira. Munthu amene akufuna kumaliza chinthu chimodzi amayenera kuvomera kusowa kwina, n'kulola kuti kumeneko amunene iye palibe.