Ana Osatentha Thupi

Pachipatala china chaching'ono panali namwino amene anthu ankawatchula kuti Mayi Bwanji, chifukwa sankalandira lamulo lililonse osafunsa. Anagwira unamwino m'chipinda cha ana kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Chipindacho chinali ndi mabedi khumi ndi anayi, sikelo yolendewera pamsomali, ndi zenera limodzi lokana kutsekeka. Amuna awo, telala wa pakhonde la sitolo, ankati ngakhale tsiku la ukwati mayiwa anayamba afunsa abusa mafunso atatu asanavomere.

Chaka china kunabwera khadi lochokera ku chipatala chachikulu cha mumzinda. Namwino ankayenera kuwerenga kapumidwe ka mwana, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi, n'kupereka mapointi. Mapointi akachuluka, mwana agonekedwe. Akachepa, apatsidwe mankhwala azipita kwawo. Anauzidwa kuti mumzinda khadilo analiyesa pa ana zikwizikwi ndipo silinkaphonya wamba.

Mayi Bwanji analikonda, poti linkafupikitsa mzere. Koma mwezi wachiwiri, mwana amene anamubweza ndi pointi imodzi yokha anabweranso patatha masiku awiri ali lefu kumsana kwa amake. Anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Posakhalitsa zinachitikanso kwa wina. Mtima sunawakhale m'malo. Anagula kope n'kuyamba kulemba mwana aliyense wobwezedwa: mapointi ake, maonekedwe ake, ndi zimene zinamuchitikira pambuyo pake. Amene ankawakayikira ankawagoneka ndithu, ngakhale khadi likane, ndipo mkulu wa chipatala ankadandaula kuti mabedi akudzaza.

Chaka chitatha, kunafika dokotala wa kafukufuku, mmodzi mwa amene anakonza khadilo, kudzaona ngati likugwiranso ntchito m'zipatala zing'onozing'ono. Mayi Bwanji anamukhazika pabenchi n'kumuikira kope pamiyendo.

"Adokotala, ana anu akumzinda akadwala amatentha thupi," anatero. "Angawa ambiri ndi onyentchera. Thupi lilibe mphamvu ngakhale yotenthera. Khadi limati ali bwino, pamene mwana akupita."

Dokotalayo anavundukula masamba nthawi yaitali. Kenako anavomera kuti pa ana amene anayesapo khadilo, onyentchera anali owerengeka, choncho masamu ake sankawadziwa. Anapempha kopelo. Mayiwa anakana, nati ajambule tsamba lililonse ndi foni, poti chinthu chobwereka chimaiwala kwawo.

Panapita miyezi isanu ndi itatu. Khadi latsopano linabwera lili ndi mzere wowonjezera: kuyeza mkono wa mwana ndi tepi. Mkono ukakhala wowonda, mapointi ankakwera ngakhale thupi lizizire. Analiyesa kaye m'zipatala zina zisanu, zakutali ndi zapafupi, ndipo ana obwerera ali kayakaya anachepa, ngakhale sanatheretu.

Mayi Bwanji atsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito. Mwana wawo wamkazi akuwanyengerera kuti akakhale naye azikalera zidzukulu, koma iwo akuti aganize kaye. Dokotala uja wawapempha kuti aziyenda naye m'zipatala zina kukaphunzitsa anamwino kalembedwe ka zotsatira, ndipo ulendo woyamba ndi wa mwezi wamawa. Chikwama cha ulendowu mayiwa agula kale.