Kagalu Kosauwa

Dzulo m'basi ya ku Romford, kuno ku dziko la Angelezi, munakwera munthu ndi galu wonyowa ndi mvula. Fungo lakelo linandibwezera kuseri kwa nyumba yomwe tinkakhala ndili kamtsikana.

Tinayandikana ndi mkulu wina wachingelezi woweta agalu osakira akalulu. Ankakweretsa agalu ataliatali aliwiro ndi tiagalu taukali tolowa kuuna, kuti ana atenge miyendo kwina, mtima kwina. Mwa ana a chaka chimenecho ndinakondapo kamodzi kotuwa, kaubweya wokhakhala ngati burashi.

"Galu wouwa pothamangitsa amabalalitsa akalulu onse, ine sindimusunga," anandiuza mkuluyo. "Aka kakadzauwa, n'kako."

Katakula, bambo anandiperekeza kokakayesa kumunda wa mlimi wina kunja kwa tauni. Unali m'mawa, mame analowa mpaka m'masokosi. Kalulu atadzambatuka, mkuluyo anamasula chingwe. Ine mumtima ndinkangoti uwa, uwa. Bambo anaiwala kuti sali pauzimba wa kwawo, nakuwa kuti, "Gwira!" Mkuluyo anawayang'ana ndi diso loipa.

Kagaluko sikanauwe ngakhale kamodzi. Kanakhota pomwe kalulu anakhotera, n'kumugwira pafupi ndi mpanda. Mkuluyo anagwada akumwetulira, natambasula dzanja. Iko kanangomudutsa, n'kudzatula kaluluyo pamapazi anga, wamoyo, wopanda bala.

"Mtole, mwanawe," anatero bambo chapansipansi.

Ndinamutola. Anali wofunda, wonyowa ndi malovu, mtima wake ukugunda m'manja mwanga. Kagalu kanakhala pansi n'kumandiyang'ana, mkuluyo akubwera ndi chingwe kudzakatenga.