Galimoto ya aMailo Idakadontha

Ku Kacholola, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka, mukafunsa za Domingos anthu amayamba akanda kumutu. Koma mukangoti aMailo, ngakhale mayi wogulitsa nthochi akulozerani ndi mlomo pansi pa mtengo wa mango pamene pali galaja yake. Dzinali adaliputa ndi pakamwa pake. Kunoko mawu akuti mailo amagwira ntchito ziwiri: dzulo ndi mailo, mawa ndi mailonso, ndipo womvayo amadzionera yekha kumene wolankhula wayang'ana. Kwa makaniko palibe mawu okoma kuposa amenewa. Mwini galimoto akafunsa kuti itha liti, Domingos amangoti, "Mailo," uku akupukuta manja, ndipo palibe tsiku limene munthu angamugwire bodza.

Koma tisamunamizire, pa nkhani ya oilo wodontha munthuyu ndi katakwe. Injini ya dizilo imadetsa oilo msanga, ndiye ikayamba kutaya, mphepo ya pamsewu imamwaza oiloyo ponseponse mpaka chitsulo chonse chimangoti bii. Amakaniko opupuluma amaona pamene pagwa dontho n'kuyamba kumasula pomwepo. Domingos satero. Amatsuka injini ndi parafini ndi sopo, kuisiya iume padzuwa, kenaka amatuma mawu kunyumba kuti mkazi wake, Eneless, abweretse ufa woyera. Ufawo amauwaza painjini yonse, n'kuiliza, n'kukhala pachitsa kudikira. Pamene payambe kuoneka kamzere kakuda paufapo, iye amakatsata chokwera, ndi kachidutswa ka kalilole m'manja, mpaka kukafika pamene kayambira. "Pamene pagwa dontho si pamene pali chilonda," amatero kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe.

Chodabwitsa n'chakuti katswiri ameneyu anali ndi kagalimoto kake, kadizilo koyera kakalekale, kamene kadatha zaka zinayi kakudontha kuseri kwa nyumba. Adakagula ndi cholinga chimodzi, ndipo adachilengeza yekha pamaso pa anthu a kutchalitchi: kutengera amayi ake, aFilomena, kwawo ku Mozambique, kuti akaone manda a amuna awo iwo asanatsikire kulichete.

Kumeneko adachokako Domingos ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nkhondo itafika pamudzi pawo chakufupi ndi Fingoe. Bambo ake sadafike kumalire. Adawakwirira mothamanga m'mbali mwa kamtsinje, pansi pa mkuyu, aFilomena n'kusanjikizapo miyala itatu. Otsalawo adakakhala kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi. Nkhondo itatha malole adabwera kudzatenga anthu, koma aFilomena adati ayambe akumba mtedza wawo. Chaka chinacho adati ayambe akolola thonje. Pamene ankati azitembenuka, Domingos anali ataphunzira injini pachigayo cha dizilo, atakwatira Mnsenga wa kwa Kalindawalo, ndipo mwana wake woyamba, Memory, anali atayamba sukulu.

Tsopano aFilomena anali atakalamba, mawondo akuwawawa, koma lilime lokha lili bwinobwino. Lamulungu lililonse pochokera kutchalitchi ankaima pafupi ndi kagalimotoko, n'kuyang'ana dothi lakuda pansi pake.

"Iwe Domingos, tipita liti?"

"Mailo, amama. Motoka ikali kudontha. Mufuna ikatifele mu thengo?"

Ku Nyimba kagalimotoko kankafika. Ku Petauke kankafika, tsiku lina kadakafika mpaka ku Chipata kuukwati, botolo la oilo lili pansi pa mpando. Ulendo wa ku Mozambique wokha ndiwo unkakadwalitsa.

Zoona zake n'zakuti Domingos ankadziwa pamene pankadontha kuyambira sabata yoyamba. Panali pa kapaipi kamene kamapereka oilo ku tebo, chipangizo chopopera mpweya mu injini, pamene tiwasha tiwiri tamkuwa tidaphwatalala. Tiwasha totere anali nato todzaza chitini. Chimene analibe ndi mtima. Ankaopa. Akatseka maso ankaona mkuyu ndi miyala itatu, koma njira yopitira kumeneko idamuthawa kalekale, ngakhale dzina la kamtsinjeko. Ankadziona ataima m'tchire la eni ake, bambo wa imvi, amayi ake akumuyang'ana kuti aloze pamene pagona bambo ake, iye n'kumangoti kukamwa yasa. Manyazi amenewo ankawaopa kuposa ngozi ya pamsewu.

Chinsinsi chidaululika Lachiwiri lina m'mawa, ndipo adachiulula ndi mwini wake. Kudabwera aKalaluka, mphunzitsi wochokera ku Mongu amene boma lidawatumiza kusekondale ina ya chakuno. Galimoto yawo inkasiya chizindikiro cha oilo paliponse pamene yaima, mpaka ahedi adawaletsa kuimika pakhonde la ofesi.

"Bambo, ku Petauke aniuza ati afunika kucotsa giyabokosi yonse," adatero aKalaluka, nkhope ili yakugwa. "Ati ni silu ya kumbuyo, kalabala kotseka oilo."

"Anatsuka injini?"

"Iyayi. Anangoyang'ana pansi cabe."

Domingos adaseka kachiseko kake ka munthu wodziwa. Parafini, sopo, dzuwa. Eneless adabwera ndi ufa m'kambale. AFilomena anali pamphasa pansi pa mango pomwepo, akusenda mtedza, osalabadira kanthu. Injini italira mphindi khumi, kamzere kakuda kadatulukira paufa, ndipo Domingos adakatsata ndi kalilole wake mpaka pa kapaipi ka ku tebo. Adapungula tiwasha m'chitini, n'kusankha tiwiri, kumasula bawuti, kusintha, kumanga. Adawazanso ufa, injini n'kulira theka la ola, ufawo uli mbee.

AKalaluka adagwira pakamwa. Kuyamikira kwawo kudamukwera Domingos m'mutu ngati kachasu, ndipo pakamwa padatseguka.

"Aphunzitsi, motoka za mtundu uyu zonse zidonthela pamene apa. Zonse! Ine ningakonze na maso otseka."

"Zoona?" adatero aKalaluka, munthu wosalakwa. "Nanga ija yoyela ili kuseli kwa nyumba yanu, si mtundu umodzi na yanga?"

Pamphasa paja mtedza udasiya kulira. Domingos adayamba kufunafuna sipanala imene inali m'manja mwake. Eneless, amene adakhala zaka zinayi akusesa mozungulira dothi lakuda lija, adasuzumira m'kambale.

"Ufa watsala, atate a Memory," adatero mwaulemu wonse. "Nikaike kuseli?"

AFilomena adamuyang'ana Domingos kamodzi n'kubwerera ku mtedza wawo, ndipo zimenezo zidamupweteka kuposa kutukwana.

Madzulo a tsiku lomwelo ntchito ya zaka zinayi idatha m'mphindi makumi awiri. Domingos adachita zonse mwadongosolo, ngati kuti galimotoyo ndi ya mlendo: kutsuka, kuumitsa, kuwaza ufa, kunamizira kufufuza chinthu chimene ankachidziwa ngati dzina lake. Atasintha tiwasha adapita ku Nyimba n'kubwerako, kenaka adayala katoni pansi pa injini. Lachitatu katoni inali youma. Lachinayi inali youmabe. Iye ankaiyang'ana ngati kalata yomuitanira kukhoti.

Adagwirizana kuti anyamuka Lachisanu m'mamawa, kudzera ku Katete. Mapepala a pamalire anali okonzeka. Eneless adakazinga mtedza wa panjira. AFilomena adamanga kamtolo kawo: chitenje chatsopano, makandulo awiri, ndi korona. Koma masiku awiri amenewo mayiwo sadafunse za ulendo, sadanyoze munthu, ndipo chakudya ankangochilawa. Eneless adati mwina ndi chimwemwe.

Lachisanu dzuwa likungotuluka, Domingos adapita kuseri kukaliza galimoto. Adawerama mwachizolowezi kuti achotse katoni, ndipo adapeza chithaphwi cha oilo wakuda, chachikulu ngati mbale.

Tinene zoona: mtima wake udalumpha ndi chimwemwe. Udalumphadi, ndipo manyazi adabwera pambuyo. Koma umisiri suthawa munthu. Adatsegula boneti. Pa kapaipi paja adali atawazanso ufa dzulo lake, ndipo ufawo unali woyera. Adapisa dzanja kunsi kwa injini, pa sampu pamene pamakhala oilo, pa fyuluta, pa bawuti yotulutsira oilo, dzanja n'kubwera louma. Adasolola chitsulo choyezera, oilo ali pamzere wake. Adayang'ananso katoni ija. Chithaphwicho chinali chakutsogolo kwambiri, pansi pa nambala ya galimoto, pamene palibe chilichonse chokhala ndi oilo. Ndiponso oilo wodontha amaunjikana pamalo amodzi mwaulemu, pamene uyu anali atamwazika m'mbali, ngati wochita kuthiridwa ndi munthu.

Pakona pa nyumba pankakhala chigubu cha oilo wakale amene ankapaka mitengo ya khola poopa chiswe. Chivindikiro chake chinali pansi.

AFilomena anali atakhala pakampando pakhomo la khitchini, atavala za kutchalitchi, duku lili pamutu, kamtolo kali pamiyendo. Dzanja lamanja adalibisa pansi pa kamtoloko, koma m'mphepete mwa chitenje chawo chatsopano munali madindo atatu akuda a zala za oilo.

Domingos adatseka boneti. Pa moyo wake wonse adanamizapo anthu za tsiku, za sipeya zimene akuti zili m'njira kuchokera ku Lusaka, koma za kumene kwachokera oilo sadanamizepo munthu wobwera pagalaja pake. Adapita kukanjuta pafupi ndi amayi ake.

"Yadonthanso?" adafunsa aFilomena, maso ali kumsewu.

"Yadonthanso, amama."

Lole ya thonje idadutsa kumsewu, ikulira pachitunda.

"Iwe Domingos," adatero motsitsa mawu, "kamtsinje kaja tinaika atate ako, dzina lake ulikumbuka?"

"Iyayi, amama. Ninaiwala kale. Na njila yonse."

"Naine," adatero aFilomena. "Zaka zonse izi ninali kuyesa iwe ukumbuka."

Chisoni chidamugwira Domingos, chosakanikirana ndi chinthu china chonga kuseka. Zaka zinayi adakhala akubisala kuseri kwa tiwasha tiwiri kuopa mayi ameneyu, osadziwa kuti mayiyo ankafunsa molimba mtima Lamulungu lililonse chifukwa ankayamba waona kuti dothi lakuda lija lilipo.

Eneless adatuluka ndi thumba la mtedza wokazinga ndi botolo la madzi. Adayang'ana mwamuna wake, adayang'ana apongozi ake, adayang'ana katoni. Chitenje chija adachionanso, pakuti ndiye amachapa.

"Tinyamuka?" adafunsa.

"Motoka ikali kudontha," adayankha aFilomena, mwana wawo asanatsegule pakamwa. "Uyu mwamuna wako sadziwa nchito. Tizapita mailo."

Domingos adatenga nsanza yake ya parafini m'thumba, n'kukoka dzanja la amayi ake pansi pa kamtolo paja, n'kuyamba kuwapukuta zala chimodzichimodzi. Sadawafunse kuti akunena mailo wake uti.